Nkhuku ya Mlendo Siithamangitsidwa Pamoto

Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu umanenedwa kawirikawiri pabwalo la milandu, koma malo ake enieni ndi pamafuwa, pamene nyama ya mbuzi kapena tambala wachikuda akuwira mumphika wadothi.

Masiku ano m'makhitchini ambiri a ku Blantyre ndi Lilongwe mwadzaza timapaketi ta zokometsera: kale, adyo wa ufa, jinja, paprika ndi timibulu tosungunula mu msuzi. Zimenezi si zoipa, ndipo woziletsa m'dzina la mwambo akudzinamiza. Tsabola yemwe, ngakhale kambuzi wonunkhira uja, kwawo n'ku America, ndipo adafika mu Africa ndi zombo za Apwitikizi pambuyo pa 1492. Kale adafala ndi amwenye amene adatsegula masitolo m'dziko muno m'nthawi ya atsamunda. Mphika wa Amalawi udalandira alendo onsewa popanda kutaya ulemu wake. Cholakwika n'choti ophika ambiri achinyamata ayamba kuyesa kuti paketi ingagwire ntchito ya moto.

Siingathe. Nyama ya chiweto chimene chayenda m'tchire chaka chonse imakhala ndi mitsempha yolimba. Moto waukali umaikokota, madzi n'kuthawamo, nyama n'kusanduka chikopa. Koma ikakhala pa moto wofatsa, mphika uli wovundikira kwa maola awiri kapena atatu, mitsempha ija imasungunuka n'kulowa mu msuzi. N'chifukwa chake msuzi wa agogo unkagwira ku milomo, ndipo ukagona unkaundana m'mbale. Iwo sankathiramo kanthu koposa mchere, anyezi, phwetekere ndi tsabola mmodzi wosaphwanya, amene ankamuvuula asanaphulike. Nkhuku zachizungu zokula m'masabata asanu ndi limodzi zilibe mitsempha yotere. Nzosadabwitsa kuti zimafuna zokometsera zambiri kuti zimveke kanthu m'kamwa.

Wofuna kusakaniza zokometsera asakanize ndithu, koma adziwe nthawi yake. Mchere ndi adyo zipakidwe pa nyama usiku kuti zilowerere. Kale ndi jinja zikazingidwe pang'ono m'mafuta pamodzi ndi anyezi madzi asanathiridwe, apo ayi zimamveka fumbi. Timibulu tija tili ndi mchere wambiri kale, pamene bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku. M'nyumba imene muli agogo odwala kuthamanga kwa magazi, kuthira kabulu kenaka mchere wa m'manja ndi kuwapweteka mwaulemu.

Ena amayankha kuti makala adakwera mtengo ndipo mapiri adayera, choncho maola atatu pamoto ndi kuwononga. Dandauloli n'lomveka. Komabe moto wofatsa sudya nkhuni ngati wa malawi. Nkhuni zochepa zouma pa mbaula yadothi ya Chitetezo zimasunga mphika ukubwata kwa nthawi yaitali.

Palinso nkhani ya ulemu. Pachinkhoswe, ankhoswe a mbali ziwiri amadyerana nkhuku pamaso pa anthu, ndipo pakhomo mlendo wolemekezeka amapatsidwa nthutumba. Mlendoyo akafika m'mawa, amamva nkhuku ikulira kuseri, amaona utsi ukufuka, n'kudziwa kuti eni khomo amupatsa tsiku lawo lonse. Mdzukulu amene adatumidwa kukankhira chikuni ndiye amalandira mutu ndi zipalapaso, atakhala pakhonde pafupi ndi agogo ake.