Kuwawa kwa Cidendene: Manja Aposa Lumo

Mai wogulitsa tomato ndi repu pa msika wa Kapata amaimirira kucokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Madzulo amabwerera wapansi ku Mchini kapena ku Nabvutika atabvala mapatapata okutha. Tsiku lina podzuka, akangoti aponde pansi, cidendene cimalasa ngati waponda msomali. Akayendako pang'ono ululu umacepa, koma akakhala pansi kanthawi ndi kunyamukanso, umabwerera.

Matendawa a cipatala amati plantar fasciitis. Pansi pa phazi pali mnofu wolimba ngati lamba, umene umacokera pa fupa la cidendene kukafika ku zala. Nchito yake ndi kugwira phazi kuti lisaphwatalale munthu akaponda. Ukalemedwa masiku ambiri umang'ambika pang'onopang'ono pamene unagwirira fupa. Usiku umakhwinyata, ndiye cifukwa cake kuponda koyamba kwa m'mawa ndiko kumawawa koposa. Kawirikawiri bvutoli limagwira a zaka 40 mpaka 60, onenepa kwambiri, ndi oimirira nthawi yaitali pa simenti monga aphunzitsi, alonda ndi anamwino.

M'makomboni, wina cidendene cikamuwawa, anzake amafulumira kunena kuti anaponda mankhwala. Cotsatira ndi lumo ndi mphini. Ena amagula brufen kapena diclofenac ndi kumamwa miyezi. Njira zonse ziwirizi ndi zolakwika. Mphini zimasiya zilonda pa phazi loponda fumbi, ndipo lumo lobwerekana lingapatsire kacilombo ka HIV. Mapilisi aja akamwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Ngakhale nyeleti ya pa cidendene imene ambiri amapempha, mpumulo wake ndi wa masabata cabe, ndipo ikabwerezedwa kambiri ingadule mnofu uja.

Cithandizo coyamba cili m'manja mwa wodwala mwini, ndipo sicifuna ngwee. Asanatsike pa bedi, aike phazi lowawa pa bondo la mwendo wina, agwire zala za phazilo ndi kuzikokera m'mwamba mpaka lamba uja atakungika. Awerenge mpaka 10, asiye, abwereze ka 10. Acite tero katatu pa tsiku. Madokotala a ku America amene anayesa njirayi analengeza mu 2003 kuti inacepetsa ululu kuposa kuongola katumba kokha. Akatha, atikite ndi cala cacikulu kucokera ku cidendene kupita ku zala kwa mphindi 5, atadzola Vaseline kapena saladi pang'ono. Madzulo akunkhunize botolo pansi pa phazi ali cikhalire. Amene ali ndi fuliji aumitse madzi m'botolo la pulasitiki, pakuti kuzizira kumaziziritsa ululu. Katumba nayenso atikitidwe, cifukwa akauma amakoka cidendene.

Koma pasakhale kunamizana. Kutikita kumapatsa mpumulo, sikuciritsa pakokha. Wotikita usiku amene m'mawa abwerera pa simenti ndi mapatapata omwe aja ali ngati wotunga madzi ndi dengu. Pafunika nsapato yokhuthala pansi, ngakhale ya salaula, ndi kampando pa msika kuti mapazi azipumako. Pafunikanso kudekha. Ambiri amacira caka cisanathe popanda opaleshoni, koma kucirako kumatenga miyezi. Amene amaleka patapita sabata imodzi ndiwo amakathera kwa wotema mphini.

Pali mapazi ena osayenera kutikita. Wodwala shuga amene mapazi ake acita dzanzi kapena ali ndi cilonda apite ku cipatala msanga, ndipo asathowe ndi madzi otentha, pakuti angapse osamva. Mapazi onse awiri akamayaka ngati moto, makamaka usiku, bvuto limakhala m'mitsempha. Izi zimaoneka kwa a shuga, a HIV, a mowa wambiri ndi akumwa mankhwala a TB, ndipo a TB amapatsidwa vitamini B6 pa cifukwa comweci. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kuwawa, mwina magazi aundana m'kati. Kutikita pamenepo kungakankhire magazi oundanawo ku mapapo ndi kupha munthu. Cimodzimodzi amene anagwa kapena kugundidwa ndipo alephera kuponda, afunika kuunikidwa.

Ngati patatha milungu 6 ya kuongola ndi kutikita palibe kusintha, wodwala apite ku kiliniki ya kwao, kumene angamtumize kwa a physiotherapy pa Chipata Central Hospital. Mai wa pa Kapata akakhala panyumba mwezi wathunthu cifukwa ca cilonda ca mphini, ana ake ndiwo amagona ndi njala. Mphindi zocepa m'mawa uliwonse, asanaponde pansi, zingamsunge pa thebulo lake.