Za Kudzutsa Njinga za Moto Zakale

Mwezi uno tikambirane za njinga ya moto, imene ana athu aitcha mthuthuthu chifukwa cha kaliridwe kache. Munthu woyenda m'midzi ya kwa Chapananga, kuyambira ku Misomali kufikira ku Gaga ndi ku malire a Mozambique, aona zinthu ziwiri. Pa njira akumana ndi njinga zatsopano zosawerengeka, zonyamula anthu ndi katundu pa nchito ya kabaza. Ndipo akalowa m'mabwalo a nyumba, apeza zina zogona kuseri kwa nkhokwe kapena pansi pa msau, matayala ataphwa, mpando utang'ambika. Eni ache ati zinafa. Koma ine nditi zambiri mwa izo zirikugona chabe, ndipo munthu wofatsa akhoza kuzidzutsa.

Nkhani iyi si yaing'ono iai. Njinga imodzi ndiyo ng'ombe zimene banja linagulitsa, kapena thonje ndi chitowe cha zaka ziwiri, kapena ngongole imene ikali kudikira pakhomo. Ikagona, abwera anthu a sikelo ogula zitsulo, naitenga pa mtengo wa makilo, monga khasu lakutha. Tsono banja litsala lopanda ng'ombe, lopanda njinga, ndipo usiku umene mayi wapakati afuna chipatala, palibe chomutengera. Kumbukirani mwezi wa Januwale 2022, pamene namondwe Ana anaononga mlatho wathu wa pa mtsinje wa Mwanza. Magalimoto anaima, ndipo tonse tinazindikira mtengo wache wa chinthu chimene amuna anai akhoza kuchinyamula ndi kuchiolotsa.

M'maiko ena alipo anthu amene asunga njinga zakale chifukwa cha kuzikonda, nathera masiku ao opumula pozikonza. Dziwani kuti njinga ya moto yoyamba ya petulo anaipanga Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach ku Germany mu 1885, ndipo thupi lache linali la mtengo. Pambuyo pache a ku England anaigwira nchitoyi kolimba: Royal Enfield mu 1901, Triumph mu 1902, BSA mu 1910. Zina za njinga za masiku amenewo zikali kuyenda. Mu 1930 anakhazikitsa ku England ulendo wotchedwa Pioneer Run, umene salola njinga iriyonse kulowamo, koma zokhazo zopangidwa chisanafike chaka cha 1915.

Pafupi ndi ife, ku South Africa, kumene ana athu ambiri apita ku nchito, kunali liwiro la njinga za moto pakati pa Durban ndi Johannesburg kuyambira mu 1913 kufikira mu 1936. Mu 1970 anthu okonda zakale analiukitsa monga chikumbutso, nalitcha DJ Run, napangana kuti njinga zolowamo zikhale za chaka cha 1936 kapena zakale koposa. Ulendowo ndi wa makilomita ngati 700, masiku awiri. Ndipo wopambana sakhala wothamangitsa, koma iye amene asunga bwino liwiro limene anampatsa, osafulumira, osachedwa. Makolo athu anadziwa kale zimenezi pamene anati kuthamanga sikufika.

Imvaninso ichi. Pafupi ndi Birmingham pali nyumba yaikulu yosungiramo njinga zakale, dzina lache National Motorcycle Museum. Mu 2003 moto unabuka m'nyumbamo, nutentha njinga mazanamazana. Amisiri sanataye mtima. Anatola zitsulo zopserera, nazitsuka, nazikonza chimodzichimodzi, ndipo mu 2004 nyumbayo inatsegulidwanso. Tsono ngati chitsulo chopyola m'moto chidzuka, nanga chathu chimene chinangodya fumbi?

Kapena wina adzati, amenewo ndi masewera a anthu olemera, ife tiribe nthawi. Inde, iwo achita mokondwera ndipo ife tichita mosowa. Koma nzeru imene agwiritsa ndi ya munthu wosauka: kutsuka, kuthira oilo, kumanga chimene chamasuka, ndi kudikira. Ndiponso zakale tiri nazo ife tomwe. M'masiku a Atsamunda ansembe, a boma ndi a m'minda ya Azungu anayenda pa njinga za ku England, ndipo ngati wina apeza BSA kapena Triumph m'nyumba ya agogo ache, asaigulitse pa sikelo, pakuti ndi chuma chosowa. Zochuluka pakati pathu ndi za ku Japan: Yamaha DT125 ndi AG100, zimene tinazolowera kuziona ndi alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, ndi za Honda. Honda Super Cub inatuluka mu 1958, ndipo pofika mu 2017 zinali zitapangidwa 100 miliyoni.

Mbiri ya Honda CG125, imene inatuluka mu 1975, itiphunzitsa kanthu. Amisiri a Honda anayendera maiko otentha a ku Asia, naona kuti anthu asenzetsa njinga katundu wopyola muyeso, ndipo sasintha oilo kufikira ada bii. Pobwerera kwao anapanga injini yopirira. Chitsulo chozungulira chimene chitsegula mavavu anachiika pansi, pafupi ndi oilo, pakuti pamwamba oilo achedwa kufika. Njinga zambiri za ku China zimene anyamata athu akwera ziri ndi injini yotsata mapangidwe omwewo, ndipo chifukwa chache zida zache sizisowa kwenikweni. Koma taonani, ngakhale injini yopirira chotere ife tiipha msanga.

Chimene chipha njinga anachionanso Barry Coleman ndi Randy Mamola, katswiri wa liwiro, pamene anapita ku Somalia mu 1988. Anapeza njinga za nchito ya zaumoyo zitagona zikali zatsopano, chifukwa cha kusowa kanthu kakang'ono ndi munthu wozisamala. Pamodzi ndi Andrea Coleman anayambitsa bungwe la Riders for Health, ndipo lamulo lao linali lakuti wokwera ayang'ane njinga yache m'mawa uliwonse, ndi kuti chida chisinthidwe chisanathyoke. Bungwelo linafika ndi kuno ku Malawi, kumene njinga zache zinapatsidwa nchito yonyamula magazi okapimidwa kuchokera m'zipatala zazing'ono.

Tsopano ndinene za kadzutsidwe kache ka njinga yogona, mwa dongosolo lache.

Choyamba, dziwani mwini wache weniweni. Pa fulemu ndi pa injini pali manambala osindikizidwa. Muwafanizire ndi a m'makalata a njingayo. Ife tikhala pa malire, ndipo njinga zakuba zidutsa m'njira zathu. Mukagula, gulani masana, pamaso pa nyakwawa ndi mboni, ndipo mulemberane. Kutaya thukuta pa chinthu chimene apolisi adzachitenga ndiko kulima m'munda wa eni.

Chachiwiri, musaiponde kuti ilire tsiku loyamba. Injini yogona zaka iuma m'kati, ndipo pisitoni imamatira ku silinda. Mukaikakamiza, malingi athyoka nakanda silinda, ndipo nchito ya ndalama zochepa isanduka ya ndalama zambiri. Chotsani pulagi, thirani supuni ya oilo pa dzenje lache, ndi kuileka masiku atatu kapena sabata. Pamenepo ikani giya, ndi kugwedeza tayala lakumbuyo pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo, kufikira pisitoni ivomere. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachitatu, injini ifuna zinthu zitatu kuti ilire: petulo woyera, moto wa pulagi, ndi mphamvu yopanikiza mpweya. Yambani ndi petulo. Tayani wakale yense, tsukani dzimbiri la m'thanki, masulani kabuleta ndi kuuzira timabowo tache. Musatiboole ndi waya, pakuti tikakula njinga idzamwa petulo ngati mbuzi ya chirimwe. Pano pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Petulo wa m'dziko muno asakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba nchito. Ina, ya PressCane, inayamba kuno ku Chikwawa mu 2004, niphika madzi akuda otsala popanga shuga ku Nchalo. Pa njinga yoyenda masiku onse petuloyu alibe vuto. Koma akakhalitsa m'thanki akoka chinyezi, nautsa dzimbiri, ndipo mapaipi a mphira akale aumitsidwa nang'ambika. Chifukwa chache sinthani mapaipiwo, ndipo njinga imene mufuna kuiimika miyezi muikhuthule. Za moto: gunditsani pulagi pa chitsulo cha injini ndi kuponda, mukaona kamoto kobiriwira, ziri bwino. Za mphamvu: tsekani dzenje la pulagi ndi chala chachikulu, mpweya ukachikankha mwamphamvu, injini ikali ndi moyo.

Chachinai, dziwani mtundu wa injini yanu, pakuti iripo iwiri. DT125 ndi AG100 ndi za two-stroke: zitentha oilo pamodzi ndi petulo, ndicho chifukwa chache zifuka utsi. Oilo wache ndi uja wa 2T, ndipo akhala m'kathanki kache, kumene kapampu kamtumiza ku injini. Kapampuko kakafa inu osadziwa, injini igwira pa njira, nimatirira. Za Honda zija ndi za kabaza zambiri ndi za four-stroke: oilo akhala pansi pa injini, ngati lita imodzi yokha, ndipo afunika kumkhuthula ndi kuthira watsopano. Kuonjezera watsopano pamwamba pa wakuda kuli ngati kuthira madzi a pa mjigo m'mtsuko wa matope.

Chachisanu, pomasula yalani mphasa yoyera m'nyumba, kutali ndi mchenga. Chida chirichonse chikhale m'chitini chache, mwa dongosolo limene mwachichotsera, ndipo amene ali ndi foni ajambule asanamasule. Gwiritsani sipanala yoyenera. Nyundo ndi tchizulo zatha mitu ya mabauti ambiri m'chigwa muno. Dziwaninso kuti njinga zakale za ku England ziri ndi mabauti a muyeso wao, monga wa Whitworth, ndipo sipanala za njinga za ku Japan sizigwira bwino. Pa zambiri za izo giya liri ku mwendo wamanja ndi buleki ku wamanzere, mosiyana ndi zimene tazolowera. Wokwera koyamba achenjere. Chida chimene chasowa ku Chikwawa ndi ku Nchalo, kafunseni ku Ndirande kapena ku Limbe, mutatenga chakalecho m'thumba kuti mukafanizire.

Chachisanu ndi chimodzi, utoto ukhale wotsiriza. Anyamata afulumira kupaka thanki ndi kumata zithunzi, pamene mabuleki atha ndi nyali yafa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tayala lakale, ngakhale lioneka la mano, mphira yache yauma ndipo liphulika pa dzuwa. Konzani mabuleki, matayala, masipoko ndi nyali, gulani chipewa cholimba cha wokwera ndi cha wokwezedwa, pamenepo kongoletsani.

Njinga ikadzuka, adani ache m'chigwa chathu ali anai. Woyamba ndi dzuwa. Injini izi ziziziritsidwa ndi mphepo yopita pakati pa timapiko ta silinda. Matope akauma pamenepo m'mwezi wa Okutobala, injini ipsa. Wachiwiri ndi fumbi. Sefa ya mpweya itsukidwe kawirikawiri, ndipo amene aichotsa kuti njinga ilire mokweza alikudyetsa injini mchenga. Wachitatu ndi madzi. Njinga ikazima m'mtsinje musaiponde. Chotsani pulagi, tulutsani madzi, ndipo oilo akaoneka ngati tiyi wamkaka mumsinthe tsiku lomwelo. Wachinai ndi katundu. Matumba atatu a chimanga ndi anthu awiri pamwamba apinda fulemu nadula masipoko. Tcheni nacho chitsukidwe ndi palafini, chidzozedwe, ndipo chisamangidwe kolimba, koma chitsale ndi malo ogwedera ngati zala ziwiri.

Chotsiriza ndinene kwa makolo. Nchito iyi ikhale ya banja lonse. Bambo asatenge ndalama ya chimanga kukagula pisitoni mayi osadziwa; akhale pansi awiri, nawerenge mtengo wa zida, nagule chimodzi mwezi uno, china mwezi wa mawa, pakuti tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Mnyamata wa kabaza apatule kandalama ka oilo madzulo aliwonse, asanagule china chirichonse. Ndipo pomasula injini muitane ana, anyamata ndi atsikana omwe, agwire sipanala, atsuke zida, afunse mafunso. Mwana amene waona ndi maso ache chimene mchenga uchita m'kati mwa silinda sadzaiwala sefa masiku onse a moyo wache, ndipo mwa ana otere mudzatuluka amakanika amene mudzi wathu uwasowa. Alipo akulu pakati pathu amene anakwera njinga izi zaka zambiri pa nchito ya boma, nadziwa matenda ache pongomva kulira. Pitani kwa iwo akali moyo, pakuti mau a akulu akoma akagonera.