Shampeni wothira pansi, azakhali ali ndi ludzu

Lero ndilankhula ndi inu a makomiti a ukwati, musandikwiyire.

Mwambo uwu woti MC akangokuwa, anyamata akhutchumula mabotolo, chitsekero phuu kudenga, thovu pa diresi ya mkwatibwi ndi pansi ponse, munautenga kuti? Si wa makolo athu. Olo kwa azungu unatchukira ku mpikisano wa magalimoto: Dan Gurney atapambana ku Le Mans mu 1967 anawaza anthu shampeni, ena n'kutengera. Iye anapita kwawo ndi mphoto. Inu mukupita kwanu ndi nkhongole.

Dzina lenilenilo ndi la vinyo wa m'chigawo cha Champagne ku France basi. Ambiri mwa mabotolo amene mumagula m'Chipata ndi vinyo wa thovu wa ku South Africa. Zilibe kanthu. Koma ndalama yake ndi yeniyeni, yochokera ku chimanga ndi nshawa zimene wina anapalira ndi msana.

Kuno ku Chiparamba thobwa silinkabwera choncho. Wopereka ankagwada, n'kuyamba yekha kulawa kuti mlendo amwe mtima uli m'malo, chikho n'kuyenda kuyambira kwa akulu mpaka kwa wobwera osaitanidwa. Palibe ankachoka kukhosi kuli gwaa. Lomba onani. Azakhali akwera canter m'mamawa, abweretsa nkhuku ziwiri ndi ufa, mwawakhazika kumbuyo pafupi ndi chitseko, kabotolo kamodzi ka drinki yofunda, akuonerera a pa high table akusambitsana ndi chakumwa. Ulemu umenewu?

Ati n'za zithunzi, tiike pa Facebook. Ndiye azakhali amwe chithunzi?

Werengani Yohane mutu 2. Ku Kana vinyo atatha, atumiki anadzaza mitsuko 6, natunga kukapereka kwa mkulu wa phwando kuti alawe. Anapita m'kamwa mwa anthu, osati pa simenti. Inunso pa Mgonero mumaona: aphunzitsi ndi mlimi agwada pamodzi, chikho chake n'chimodzi, ndipo wotsala wansembe amamwa, sataya olo dontho.

Sindikuti musagule. Gulani ngati thumba lalola, ngakhale uja wopanda mowa. Tsegulani pang'onopang'ono, tambula yoyamba kwa ankhoswe, yachiwiri kwa azakhali kumbuyo kuja. Ndipo pa bajeti ya komiti mulembeponso mgomo wa thobwa.