Setifiketi ndi Zitsekerero za Mabotolo

Pamene boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, ana anakhamukira m'makalasi a ku Mitundu ndi ku Nathenje monga m'dziko lonse, ndipo popeza nkhosa zinachuluka kuposa abusa, boma linalemba aphunzitsi osasulidwa, amene pambuyo pake anakaphunzira ntchito m'ndondomeko yosula aphunzitsi ya MIITEP. Sindinyoza koleji ayi, pakuti mmera mpoyamba, ndipo wosadziwa kukonza phunziro amasokeretsa ana. Komatu mphunzitsi amene, atasowa mabuku, amatolera zitsekerero za mabotolo pamsika wa Mitundu nazisandutsa zowerengera, monga ilangizira TALULAR, njira yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo, ndiye amene ana ake a Sitandade 2 amaphatikiza ndi kuchotsera msanga, pamene a mnzake wongodalira setifiketi akungobwereza mokweza zolembedwa pabolodi.

— Mlonda wa pa Nathenje