Za pa Sabata: Dzuwa la ku Zoo Lake

Cisanu catha, mitengo ya jacaranda yacita maluwa m'miseu ya Joni, ndipo munthu amene wakhala pansi pa nthaka mlungu wonse ayenera kuliona dzuwa ndi maso ace pa Sabata. Ife alembi timaliona pa zenera tsiku ndi tsiku, koma inu ai.

Ambiri apita ku Zoo Lake, pambali pa mseu wa Jan Smuts. Kulowa nkwaulere, kolipira ndi ku tsidya la mseu, kumene asunga mikango ndi njobvu. Ofika m'mawa apeza mthunzi. Ofika dzuwa liri pamutu apeza pali ponse padzaza: amai ndi mabulangete ao, ana alikuthamangitsa abakha, utsi wa nyama yooca, ndi mawailesi anai kapena asanu, yense nyimbo yace. Mumva Cizulu, Cisutu, Cishangani, ndipo mukachera khutu bwino mumvanso Cinyanja.

Anzathu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota aseka akamva kuti madzi amenewa achedwa nyanja. Ati kwao limeneli ndi thamanda losambamo ana, pakuti nyanja yathu kutalika kwace kuposa makilomita 500. Koma ngalawa zobwereka zija, ndiwo ayamba kukwera, ndi kumaseka Asutu a kumapiri popalasa mozungulirazungulira pamalo amodzi.

Malowa ali pa cibale ndi nchito yathu. Hermann Eckstein, mwini migodi wa kale, anabzalitsa mitengo yambirimbiri kudera limeneli kuti ikhale mizati yocirikiza denga la mgodi. Iye anamwalira mu 1893, ndipo mu 1904 anzace a kampani anapereka malowa kwa mzinda, nanena kuti akhale a anthu a mitundu yonse. Mau amenewa anagwira nchito ndithu. Mu 1953 linadza lamulo lopatula mapaki, mipando ndi zimbudzi, Azungu kwao akuda kwao, ndipo linafafanizidwa mu 1990. Zaka zonsezo Zoo Lake inali yotsegukira onse. Agogo athu a Wenela akadatha kukhala pa udzu umenewu. Cinawatsekereza ambiri ndico citupa ca pasi ndi cipata ca komponi, nakhala akuonera magule a pa Sabata komweko. Tsono mukakhala pamenepo, tambalalani bwino miyendo.

Dzuwa la kuno liri ndi bodza lace. Joni ali pamwamba, mamita oposa 1,700, ndipo m'miyezi yotentha kumwamba kungathe kuyera mbee m'mawa, koma pofika 3 koloko mitambo yabii, mphezi ng'ani ng'ani, kapena matalala. Pamenepo anthu athamangira pansi pa mitengo yaitali, ndipo ndipo poipitsitsa. Turukani m'ngalawa msanga, lowani m'nyumba kapena m'galimoto.

Pa khamu lotere si onse adzera dzuwa. Pasipoti ndi foni zikhale m'thumba la m'kati. Ndarama za kumudzi tumizani pa Loweruka, musanapite, cifukwa zikafika pafupi ndi nyama yooca ndi anzanu asanu ndi mmodzi sizibwerera zonse.

Ndipo za botolo: migodi yambiri iyesa mpweya pa cipata. Amene wapezeka ndi mowa Lolemba m'mawa salowa m'keji, tsiku lace lapita, ndipo dzinalo lifika pa thebulo langa. Sindikonda kulemba dzina la munthu amene tinadya naye nyama dzulo lace.

Mathekisi obwerera kumigodi adzaza msanga madzulo. Nyamukani isanakwane 5 koloko.