Ku Mwami ankapemphera, ankatsukanso zilonda

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Ife a ku Chipata tinali titaziona kale. Chimanga chinapserera m'munda, unga unakwera mtengo, kenako malaiti n'kuyamba kuzimazima mpaka ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo kukhala manja lende. Tinathamangira ku mapemphero a usiku kukafuna chozizwitsa. Chimanga sichinadzuke, ndipo anzathu ena tchalitchi anachisiyira pomwepo.

Tinkafuna Mulungu atichotsere vuto, pomwe kawirikawiri Iye amatipatsa munthu wosenza naye vutolo.

Taganizani za Mwami, pafupi ndi malire a Malawi. Chipatala cha Adventist kumeneko chinayamba mu 1927, ndipo chinadziwika ndi kusamalira odwala khate, anthu amene ngakhale abale awo ankawathawa. Masiku amenewo mankhwala othetseratu khate anali asanapezeke. Komabe Akhristu ankapemphera nawo, n'kuwatsuka zilonda. Wodwala ankalimba mtima poona kuti pali wina wosaopa kumugwira dzanja.

Lero zotithawitsa anzathu ndi ulova, nkhongole, kubetcha ndi mowa. Mnzathu akasowa ku kwaya milungu itatu, timamutumizira vesi pa WhatsApp n'kuganiza kuti tatha. Ayi abale, tipite kwawo. Tinyamule kaunga, tikhale naye pakhonde, timumvetsere, tipemphere naye. Mawa osowa ku kwaya tingakhale ife, ndipo tidzafuna kumva wina akugogoda pakhomo.