Buku la Mlendo m'Manja mwa Ana a Alendo

Pali mwambo woipa umene wamera pakati pa anyamata ndi asungwana a sukulu m'makomboni a mu Lusaka, ndiwo mwambo wakuweruza buku asanaliwerenge. Mphunzitsi akalowa m'kalasi ndi mtolo wa mabuku, nagawira ana ace nkhani ya munthu amene anasiya kwao kukafuna nchito ku dziko la eni, tsiku lomwelo mlandu wa bukulo watha. Wina ayang'ana cikuto, wina aliyesa m'manja kuti aone kulemera kwace, wina atsegula tsamba loyamba, napeza liu limene salidziwa, natseka. Pofika pa msika wa ku Matero madzulo, onse apangana kale kuti bukulo n'lozizira, ndi kuti liyenera kungolowezedwa cifukwa ca mayeso. Ciweruzo cotere ncolakwa, ndipo mtengo wa kulakwa kwace uposa kulephera mayeso.

Citsanzo cabwino ndi buku la Nthondo, limene analemba Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Mishoni ya Nkhoma m'dziko la Nyasaland. Bukuli linapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, nilisindikizidwa m'caka ca 1933, ndipo m'caka ca 1934 Cullen Young analitembenuza m'Cingelezi nalicha Man of Africa. Nkhani yace ndi ya mwana wa Acewa amene akula mosamvera, napita kum'mwera kukagwira nchito, naona mabvuto kumeneko, nabwerera kwao kumene pambuyo pace akhala mfumu ndi Mkristu. Mwana wa ku Chawama kapena ku Kanyama akalandira buku lotere, madandaulo ace amakhala atatu, ndipo onse atatu ayenera kuyankhidwa.

Dandaulo loyamba ndi lakuti Cinyanja ca m'bukumo ncobvuta, ca kumudzi, cosiyana ndi cimene anthu alankhula pa msika ndi m'basi. Kusiyanako kulipodi. Koma mwanayo adzifunse kuti Cinyanja ca pakamwa pace cinafika bwanji mu Lusaka. Dziko limeneli linali la Asoli ndi Alenje, ndipo mzinda unatenga dzina lace kwa mfumu Lusaaka. Njanji inafika pamalopo m'caka ca 1905, ndipo likulu la Boma linacoka ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935. Cinyanja cinabwera m'kamwa mwa apolisi, asilikari, amesenjala, ophika ndi omanga nyumba ocokera kum'mawa ndi ku Nyasaland. M'tauni cinasakanizika ndi Cinsenga, Cibemba ndi Cingelezi, cifukwa anthu ocokera kosiyanasiyana anafunika kumvana pa mpopi umodzi wa madzi. Tsono cinenero cimene mwanayo anyadira naco ndi mlendo, ndipo Cinyanja ca m'buku ndiye mai wace. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Mwana amene apirira mau acilendo khumi pa tsamba limodzi la buku la Cingelezi, nafunsa tanthauzo lace mosacita manyazi, alibe cifukwa cotayira buku la Cinyanja pa liu limodzi.

Dandaulo laciwiri ndilo loopsa koposa. Amati nkhaniyo ndi ya Anyasa, ya anthu obwera, ndipo siwakhudza iwo obadwira m'tauni. Wonena mau awa aimirire pakhomo pa nyumba ya makolo ace, nafunse kuti komboni yaceyo inamangidwa ndi yani. Pa nthawi ya Boma la Azungu munthu wakuda anaonedwa ngati mlendo mu Lusaka. Anayenda ndi citupa, ndipo nyumba imene anagonamo inali ya nchito. Nchito ikatha, nayo nyumba yatha. Matero inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Boma litabvomera mocedwa kuti wanchito ali ndi mkazi ndi ana. Osowa malo kumeneko anapita pa mafamu a eni ace, nalipira kuti amange tinyumba ta dothi. Ndico cifukwa cace George ili ndi dzina la mwini malo, ndipo Chawama inayamba kudziwika ndi dzina lakuti Roberts. Kalingalinga inamera momwemo. Mtendere inatsegulidwa m'caka ca 1967 kuti anthu a m'malo osaloledwa apatsidwe mapuloti. Kufikira lamulo la nyumba la caka ca 1974, anthu a m'makomboni ambiri anagona ndi mantha akuti tsiku lina nyumba zao zidzagwetsedwa.

Kodi m'makomboni amenewa mbadwa ndani? Agogo a mwana wa ku George anacokera ku Petauke, ku Katete, ku Kasama, ku Mongu, ku Dedza kapena ku Tete. Anafika ndi bulangeti limodzi ndi dzina la mbale wao pa kapepala, monga anzao anafikira ku Halale ndi ku Joni. Ena anatumiza ndalama kwao, ena anachona osabwereranso, ndipo mau akuti machona alipo kufikira lero cifukwa mabanja ambiri analira anthu amoyo. Mwana amene anena kuti ulendo wa Nthondo sumukhudza akukana mbiri ya nkhalamba imene agona nayo m'nyumba imodzi.

Kukana kotere kwabala kale zipatso zowawa m'dziko la Zambia. Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa, m'boma la Chinsali, m'caka ca 1924. Atate wace, David Kaunda, anali mphunzitsi wocokera ku Nyasaland, wotumidwa ndi Mishoni ya Livingstonia. Mwana wa banja lobwerali ndiye anatsogolera dziko ku ufulu m'caka ca 1964, nalilamulira kufikira 1991. Koma m'caka ca 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti munthu amene makolo ace sanali mbadwa za Zambia asaime pa masankho a pulezidenti, ndipo m'caka ca 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linagamula kuti iye sanali nzika. Cigamuloco cinafafanizidwa m'caka ca 2000, koma manyazi ace anatsala. Ngati munthu amene nkhope yace inali pa ndalama anachedwa mlendo, wogulitsa makala wa ku Kalingalinga angatetezedwe ndi ciani?

Yankho linaoneka m'mwezi wa April 2016. Anthu angapo atapezeka ataphedwa mwankhanza m'dera la George ndi Zingalume, mphekesera inafala yakuti ocita zimenezo ndi Anyarwanda a timasitolo. Makamu anathyola masitolo oposa 60, cipolowe cinafika m'makomboni ena, ndipo ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa. Mabanja amene anathawa nkhondo kwao anathawanso kaciwiri, nabisala m'chalichi ca St Ignatius. Othyola masitolo anali ana ndi adzukulu a anthu amene nawonso anafika mu Lusaka ndi kamtolo pamutu. Palibe anganene kuti buku limodzi likadaletsa moto umenewo. Koma munthu amene anakhalapo masabata angapo m'mutu mwa mlendo, namva njala yace, mantha ace pamaso pa wapolisi, ndi manyazi ace pobwerera kwao cimanjamanja, dzanja lace limalemera potola mwala. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Dandaulo lacitatu ndi lakuti buku lotere silipatsa munthu nchito. Apa mlandu ugwera aphunzitsi pamodzi ndi ana. Mphunzitsi amene alemba pa bolodi maina a anthu a m'nkhani, nauza ana kuti aloweze cidule ca mutu uliwonse, waphunzitsa anawo kuti buku ndi msonkho wolipira pa khomo la mayeso. Kalaliki wa m'ofesi ya Boma, namwino wa m'cipatala, wapolisi ndi woweruza milandu, onsewa tsiku ndi tsiku amaima pamaso pa munthu wosadziwa cinenero, wosowa mapepala, wocita mantha. Amene anaphunzira kumva nkhani ya munthu wotere agwira nchito yace bwino kuposa amene anangoloweza maina.

Izi sizitanthauza kuti mwana wa sukulu ayenera kuombera m'manja buku lililonse limene apatsidwa. Ntara anali munthu wa mishoni, ndipo nkhani yace ithera ku Cikristu. Wowerenga wanzeru angafunse ngati onse obwerako anapeza mtendere m'njira imeneyo, ndi kuti akazi otsala kumudzi akadalemba okha akadanena zotani. Angaliyerekeze ndi Mine Boy, buku la Peter Abrahams la 1946, lonena za mnyamata wofika ku migodi ya Johannesburg, kapena ndi The Old Drift la Namwali Serpell, la 2019, m'mene mabanja ocokera kutali akumana m'dziko la Zambia ndipo Kalingalinga yomwe ilimo. Kutsutsana ndi buku nkololedwa, ndipo ndiwo ulemu waukulu umene wowerenga angapatse wolemba. Coletsedwa ndi kugamula mlandu mboni isanatsegule pakamwa. Ngakhale bwalo la mfumu ya kumudzi silicita zotero.

Cifukwa cace mnyamata kapena msungwana amene watsiriza sukulu, nasiya buku lace litatsekedwa pa tsamba lacitatu, alifunefune, naliwerenge kufikira kumapeto popanda mantha a mayeso. Akatha, akhale pansi ndi agogo ace madzulo, nawafunse mwaulemu caka cimene anafika mu Lusaka, njira imene anadzera, munthu amene anawalandira usiku woyamba, ndi cimene anasiya kumudzi. Mayankho ace awalembe m'kabuku m'Cinyanja, nkhalambazo zisanapite nayo mbiri yao kumanda a Chingwere. Akatero adzazindikira kuti buku limene ananyoza tsiku loyamba linali kunena za banja lace, ndipo Mnyarwanda wa kasitolo ka pa ngodya adzamuona ndi maso ena.